Aliyense ali ndi pano pake

Laputopu ndinagula kwa Dinyero wokonza mafoni pa Bangula,
sikirini yong'aluka pakona,
batani la E linagwa kalekale, ndimadina kachitsulo kotsalako.
Iye anati, "Yatopa iyi, uzingoonera mafilimu."
Ndinamupatsa ndalama za chitowe cha chaka chino
ndipo sindinamuyankhe.

Bandulo imatchipa usiku.
Ena akamagona ine ndimadzuka,
udzudzu wa kudambo uli pa ntchito yake, ine pa yanga:
kutsekula chizindikiro, kulemba, kuchitsekanso.
Zili ngati khola la mbuzi.
Ukaiwala chitseko chimodzi
mawu onse amathawira m'munda mwa eni.

Masiku atatu ndinasaka chimene chinalakwika.
Kanali kadontho,
kamodzi, kochepa kuposa njere ya mapira.
Ndinaseka mpaka amayi anafunsa mumdima
ngati malungo andibwerera.

Tsamba langa loyamba linali loyera, zilembo zakuda, basi:
Kodi mabwato akuwoloka lero kupita ku Makhanga?
Eya.
Mtengo ndi uwu. Wopalasa ndi Zuze.
Madzi afika apa pa mlatho wakale wa Chiromo.

Ndinatumiza adiresi kwa msuweni wanga Nyamiti ku Ndirande,
127.0.0.1,
mtima uli phaphapha ngati ndalembera kalata chibwenzi.
Anayankha, "Kulibe kanthu kuno."
Ndinatumizanso. Kulibe.
Mawa lake m'pamene ndinamva
kuti nambala imeneyo imangotanthauza kuti pano,
ndipo aliyense ali ndi pano pake.
Ndinamuitanira kwathu pomulozera khomo la kwawo.

Amati ubwereke malo pa makina a kutsidya kwa nyanja.
Amafuna madola, amafuna khadi la ku banki.
Ine ndili ndi mkeka, njerwa zinayi ndi batire ya njinga yamoto.
Ndiye seva ikhala muno,
pambali pa mtsuko pomwe pamazizirako.

Okutobala wa kuno sadziwa za makina.
Dzuwa likafika paliwombo laputopu imapuma wefuwefu ngati galu
kenako n'kuzima osatsanzika.
Ndinaikweza pa njerwa kuti mphepo idutse pansi.
Mng'ono wanga Tchale amaikupiza ndi chikatoni,
malipiro ake ndi mphindi khumi za mpira pa foni.
Magetsi akathima, sola.
Mitambo ikabwera, kupemphera.

A netiweki anatseka makomo onse olowera kwa ine.
Ndinaphunzira kukumba ngalande
monga amachitira m'minda ya nzimbe ku Nchalo,
kuti wochokera kutali atsate madziwo mpaka afike.
Nyamiti anatumiza mawu amodzi: "Latseguka."

Alendo oyamba anali akuba.
Ndinawaona m'kaundula wa seva, mzere pa mzere,
akugogoda kuchokera ku mayiko omwe sindingawaloze pa mapu,
kuyesa makiyi pa chitseko cha munthu wopanda ngakhale mpando.
Mawu achinsinsi ndinasintha.
Tsopano ndi dzina la ng'ombe yathu yomwe inapita ndi madzi,
ndi chaka chake.

Lachinayi lapitali pamsika
mayi wina wogulitsa mbatata za kudimba anandigwira mkono:
"Ndiwe mwana wa a Fombe, wolemba za mabwato?
Dzulo unalemba eya, koma Zuze sanabwere."
Ndinapepesa.
Ndinayenda mpaka kunyumba ndikumwetulira ngati chitsiru.
Wina anawerenga.

Tsamba likadali loipa.
Pa foni yaing'ono zilembo zimasefukira m'mbali
ngati Ruo wa mu Januwale,
ndipo sindinadziwebe pomangira khoma lake.
Zonse ndakopera pa fulashi,
ndaikulunga m'pepala la shuga, ndaipachika ku denga
pamwamba pa mzere umene matope anasiya chaka chija.

Usiku uno kanyali kobiriwira kakuphethira pansi pa zenera.
Amayi akuti ndizimitse, kakutha batire.
Ndawauza kuti mwina ku Makhanga
wina sanagone.